Kodi anesi a ku ICU amagona liti?

Ndifunseko, abale anga, paja safunsa anadya phula. Kuno ku Misesa kuli mayi wina amene ndi namwino ku Gulupu, m'chipinda cha odwala kayakaya chomwe amachitcha ICU. Akakhala pa naiti amanyamuka dzuwa likadalipo, n'kubwera mawa lake ana atapita kale kusukulu. Tsono amagona liti?

Mwina muti masana. Masana ake ati? Chigayo chikulira, njinga za kabaza zikuimba mahutala, kumpope madzi angoyamba kutuluka ndipo aliyense akuthamanga ndi ndowa. Akangoti atseke maso, pakhomo pamveka "odi". Ndi ife tomwe, tabwera kuti anesi atiyeze BP kapena atiwerengere zomwe adokotala alemba m'buku lakuchipatala. Ntchito ya anesi imathera pageti ya Gulupu, kapena imakwera nawo minibasi?

M'mawodi ena wodwala amakhala ndi womudikirira, amene amamumwetsa phala ndi kumusambitsa. Ku ICU wachibale amangozonda n'kutuluka. Kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda, kuchotsa makhololo m'paipi yopumira, kulemba kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa mkodzo ola lililonse, zonsezo n'za namwino. N'chifukwa chake akadaulo amati wodwala wopumira makina azikhala ndi namwino wakewake. Chabwino. Nanga namwino mnzawo akadwala, wodwala wachiwiriyo amamuyang'anira ndani? Amayiwa ali ndi maso angati?

Mu 2017 Madonna anatsegulira Mercy James Centre pa Gulupu pomwepo, momwe muli ICU ya ana yoyamba m'Malawi muno. Tinaona nyumba yokongola, tinaomba m'manja. Koma ndimadabwa: mayi amene wachezera usiku wonse pambali pa mwana wa eni, mwana wake akatentha thupi pakati pausiku amamuperekeza kuchipatala ndani?

Palinso ichi amati lokamu. Akuti ndi kugwira ntchito tsiku lako lopuma kuti upezeko kangachepe kowonjezera pa malipiro. Ndiye kuti kupumako kumagulitsidwa? Ukagulitsa mwezi uno poti fizi yavuta, mwezi wamawa umakagula kuti? A bungwe la anamwino ndi azamba la NONM mwina amadziwa.

Chondizunguza kwambiri ndi maliro. Zovuta zikagwa m'mudzi, amayi amagona pasiwa, ena akuphika, ena akutunga madzi, ndipo wosabwera amadziwika. Anesi athu sangasiye munthu ali pa makina kuti adzakhale nafe. Mawa lake mumva manong'onong'o akuti amanyada, sayenda m'maliro. Chikhalirecho usiku womwewo anali kulimbana kuti kwina kusagwe maliro ena. Amfumu, pepani ndifunse: m'kaundula wanu wa maliro muja muli danga lolembapo kuti "anali pa naiti"?