Kodi njere imadziwa bwanji kopita?

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndikuyenda ndi agogo m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Mwadzidzidzi pamwamba pathu panamveka kuti thaa! Ine ndinanjenjemera, koma agogo sanacheuke n'komwe.

"Ndi mombo umenewo, mdzukulu wanga. Ukumwaza ana ake."

Ndinatola khoko limodzi, louma gwaa, lopotoka ngati chingwe. Agogo anati likapsa ndi dzuwa, mbali zake ziwiri zimakokana mpaka kuphulika, njere n'kugwera kutali. Koma n'chifukwa chiyani mtengo uponya ana ake kutali, pamene pansi pake pali mthunzi wabwino chotere? Anandiyankha kuti mthunzi womwewo ndi umene ungawafooketse. Ndiye mtengo wopanda maso unazidziwa bwanji zimenezi?

Kuyambira tsiku limenelo sindibwerako kutchire matumba ali opanda kanthu.

Khoko la msambamfumu ndi limene linandigwira mtima. Ndi lolimba ngati thabwa, ndipo likatseguka mumaona njere zakuda bii, zonyezimira, zitagona mondondozana, iliyonse m'kachipinda kake, iliyonse itavala kachisoti kofiira. Ndinakhala nalo m'manja nthawi yaitali, osafuna kulisiya. Zavalira yani chonchi m'tchire mopanda anthu? Akuti mbalame ndi anyani amakopeka ndi kofiirako, amadya kokhako, njere n'kukaitaya kwina. Ndiye kuti kachisotiko ndi mtengo wa ulendo? Mtengo ndi mbalame anapangana liti?

Chipatso cha mlombwa nacho n'chodabwitsa: chozungulira ngati kambale, phiko lopyapyala m'mbali monse, pakati minga yothinana. Phikolo ndi la mphepo, pamenepo ndamva. Nanga mingayo ikulondera chiyani? Chitedze chokha sindinatole, agogo anandigwira dzanja ndisanakhudze ubweya wake. Chisoso sichidikira n'kutoledwa komwe, chimangokakamira pa buluku mpaka kunyumba.

Anthu akandiona ndikuwerama m'njira amafunsa kuti, "Zimadyedwa zimenezo?" Ena amati, "Mukagulitsa bwanji?" Ndikanyamula malambe, bwemba kapena masuku, palibe wofunsa. Kodi chinthu chiyenera kulowa m'kamwa kuti chikhale choyenera kutola? Ine ndimangokonda kulemera kwa njere m'chikhatho, ndi kaphokoso kake ndikagwedeza khoko pafupi ndi khutu. Kodi pamenepa pali cholakwa?

Funso limene likundisowetsa tulo ndi lina. Pawindo panga pali njere zisanu ndi ziwiri za msambamfumu. Tsiku lomwe ndinazitola tinakumana ndi njinga zambiri zitasenza matumba a makala, zikulowera ku Lilongwe, ndipo malo ena tinangodutsa pakati pa zitsa zokhazokha. Chitsa sichimwaza njere. Ndiye ine amene ndatsekera njere zisanu ndi ziwiri m'nyumba, momwe mulibe dothi kapena mvula, ndikusiyana pati ndi wonyamula nkhwangwa?

Ndinawafunsa agogo ngati ndikazibweze kumene ndinazitola. Anaziyang'ana, n'kugubuduza imodzi ndi chala.

"Dikira mvula yoyamba, ukazikwirire kuseri kwa khola. Uzitchingire ndi minga, mbuzi zingadye zikamera."

"Nanga mthunzi wake ndidzakhalapo liti, agogo?"

"Iweyo mwina ayi," anatero, akundibwezera njereyo m'dzanja.