Wamva m'mimba ndiye atsekula seva

Agogo anga ankaunena mwambi uwu usiku, ali chigonere. Tinkagona ana anayi pamphasa imodzi, ndipo wina akayamba kutembenukatembenuka n'kugwedeza mnzake kuti amuchotsere mpiringidzo, mawu ankachokera kuseri kwa chipupa: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Panalibe apilo. Unkadzuka wekha, n'kutuluka m'chiperoni muja mano akugwedezeka.

Makolo amene anapeka mwambiwu ankadziwa kuti mimba yopotayo ndi dzanja lotsekulalo zili pa munthu mmodzi. Anthu amenewo sanagwirepo ntchito muofesi. Muofesi mimba ili ndi wina, kiyi ali ndi wina, wodziwa kutsekula ali ku Blantyre, ndipo wosainira ndalama yogulira chitsekocho ali pa tchuthi kunyanja.

Ine ndine kalaliki wa malipiro pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Tiyi ndi mbewu yakale kuno. Satemwa yokha inayamba mu 1923, ndipo mayina ngati Conforzi, Naming'omba ndi Makandi ana amawadziwa asanadziwe alifabeti. Koma buku lalikulu la kapitawo lija, la mizere yofiira, linapuma. Masiku ano mayi akathyola masamba n'kupachika pa sikelo, makilo ake amathera m'kabokosi kachitsulo kotalika ngati dirowa, kamene kamakhala m'kachipinda kuseri kwa ofesi yathu. Dzina lake seva. Ngati sevayo sikukudziwani, ndiye kuti simunathyole, ngakhale msana ukuchitireni umboni.

Linali Lachinayi la mu Febuluwale, nthawi imene tiyi amaphuka ngati wapenga ndipo fakitale sigona. Mawa lake malipiro. Cha m'ma 3 koloko tinamva kulira kuseri kwa chitseko, poyamba ngati njuchi, kenako ngati ndege ikunyamuka pa Chileka. Tonse muofesi tinamva. Aliyense anaweramira pepala lake ndi khama limene sindinalionepo. Abwana anasuzumira, n'kunena kuti, "Wina aone chimenecho," n'kukwera galimoto. Wina ameneyo ndi munthu wotchuka kwambiri m'maofesi a m'Malawi muno, koma sanalembedwepo ntchito.

Ndinayang'ana pa kompyuta yanga. Mayina oposa chikwi, aliyense ndi makilo ake, ovataimu yake, ngongole yake ya ufa. Ndinaganiza za mawa, za mzere wa anthu pawindo langa, osati pawindo la abwana. Pomwepo m'mimba mwanga munalira mogwirizana ndi seva ija. Ndinakatenga kiyi.

Kutsogolo kwa bokosilo kunkaphethira kanyali kachikasu. Ndinaimbira mnyamata wathu wa makompyuta pa WhatsApp. Anali ku Limbe, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo mvula inali itatseka kumwamba. Iye amatha kuona za m'kati mwa seva ali komweko, ngati sing'anga woombeza pagalasi.

"Achimwene, musaope. Fani nambala 3 yafa."

"Nanga ikulirayi ndi iti, ngati yafa?"

"Akulirawo ndi anzake."

Anandifotokozera. M'kati muja muli mafani asanu ndi imodzi, oima pamzere, iliyonse yokwana m'chikhatho. Amakoka mpweya kutsogolo, kuudutsitsa pa madisiki ndi pa purosesa, n'kuutulutsira kumbuyo uli wotentha. Imodzi ikafa, otsalawo amathamanga ndi mphamvu zawo zonse kuti atseke dzenjelo. Phokosolo tsono si maliro ayi, ndi anthu asanu akugwira ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi, popanda ovataimu. Kutentha kukapitirira, purosesa imayamba kudzichedwetsa yokha, ndipo zikafika poipa makina amazima okha kuti asapse. Chimene chimapha fani nthawi zambiri ndi fumbi ndi ukalamba wa bering'i, ndipo fumbi la tiyi kuno limalowa ngakhale m'thumba la malaya ochapa.

"Ndizimitse kaye?" ndinafunsa.

"Ayi! Musayerekeze. Masikelo akutumizabe makilo, malipiro ali pakati. Komanso madisiki amenewo azungulira zaka zambiri osapuma. Mukawagoneka, ena sadzuka."

Ndinamvetsa. Tili nawo achikulire otere kumudzi, amene amalimba bola asakhale pansi.

Apa m'pamene analowa mkulu wa makina wa kufakitale, bambo wa imvi zake, atamva kuti kuofesi kwafa fani. Anabwera ndi sipanala yaikulu ngati mkono wanga. Musamuseke. Munthu ameneyu moyo wake wonse wakhala ndi mafani, ndiponso enieni: aja aatali kufika m'chifuwa, amene amapemerera mpweya pansi pa masamba m'mathirafu usiku wonse kuti afote asanapite kokadulidwa. Popanda mafani ake, makilo anayi ndi theka a masamba aawisi amene amatulutsa kilo imodzi ya tiyi angangotentherana n'kuwonongeka, ndipo ku okushoni ya ku Limbe Lachiwiri sitingaonekeko. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ali ndi anzake a zala zinayi olichitira umboni: makina akuyenda salowetsamo dzanja.

"Mwati mutsekula chikuyenda?"

"Eya, bambo. Akuti anachipanga choncho."

"Anachipanga ndani? Ali ndi zala zingati?"

Mnyamata wa pafoni uja anayesa kuwatsimikizira kuti opanga makinawa amapaka mtundu wapadera pa tizigawo tololedwa kuzula moto uli mkati, ndipo kwa ena monga Dell mtunduwo ndi wa lalanje. Bambowo anangoti, "Hmm," n'kuima pakhomo, manja kumbuyo, ngati mboni ya ukwati umene sakuuvomereza.

Fani yapadera inalipo, mwamwayi, m'kabati, pansi pa makalendala akale ndi kapu yopanda chogwirira. Ndinauzidwa kuvula wotchi ndi kugwira kaye chitsulo cha shelefu kuti magetsi obisala m'thupi atuluke, chifukwa kamoto kamene kamakuthetherani mukavula juzi kangathe kupha kachipangizo kodula kuposa njinga yamoto. Ndinakoka sevayo pa njanji zake pang'onopang'ono, maso ali pa mawaya akumbuyo. Kenako lamulo lomaliza:

"Mukatsekula chivindikiro, muli ndi mphindi zisanu. Chikakhala chotsekula mpweya umasochera, sudutsanso moyenera. Ndipo muzule imodzi yokha, nambala 3. Mukazula yamoyo, mwatsala ndi zinayi."

Apa ndiye ndinawapeza agogo ndi mlandu. Mwambi wawo umanena za kutsekula basi. Sunena kuti chitseko chili ndi wotchi, kapena kuti ukatsekula upeza zitseko zina zisanu ndi chimodzi zofanana ngati mapasa.

Ndinakweza chivindikiro. Mphepo yofunda inandiwomba kumaso, yonunkhira tiyi wouma. Tinambala tinali tating'ono moti ndinawerenga ndi tochi ya foni, uku mnyamata uja akuona denga lokha n'kumakuwa kuti, "Ndionetseni, achimwene!" Fani zisanu zinkazungulira mpaka mapeni ake osaoneka. Imodzi inali duu, mapeni ake atavala fumbi lofiirira ngati bulangete. Ndinatsina tizogwirira take ndi zala ziwiri, momwe amathyolera masamba awiri ndi kansonga, n'kukoka. Inatuluka mosavuta, mopanda ngakhale sikuluwu imodzi, mpaka ndinakhumudwa pang'ono. Yatsopano inakana kulowa. Thukuta linagwera pa dzanja. Mawu anachokera pakhomo, odekha:

"Mwaitembenuza. Onani muviwo."

Panalidi muvi, wosonyeza kolowera mpweya. Bambowo anauona ali pamtunda wa mamita awiri, munthu wosavomereza ukwati uja. Ndinaitembenuza, ndinakankha, inati khethe, n'kuyamba kuzungulira. Ndinatseka chivindikiro patatha mphindi zitatu ndi theka. Ndege ija inatera pang'onopang'ono, kanyali kachikasu kanazima, ndipo muofesi anthu anadzutsa mitu m'mapepala n'kuyamba kufunsa ngati pakufunika thandizo.

Mawa lake anthu analandira ndalama zawo, ndipo palibe anadziwa kanthu. Mayi wina anandikalipira za makilo awiri amene ankati asowa. Ndinalemba kalata yopempha kuti tigule fani ina yosungira, poti kabati ija tsopano yatsala ndi makalendala okha. Kalatayo ili pa tebulo la abwana, pansi pa kapu ya tiyi. Iwo m'mimba mwawo muli bwinobwino.

Fani yakufa ija bambo aja anaiika m'thumba la ovolosi. Sabata yatha anandiitanira ku wekishopu. Anaitsuka, anadontheza mafuta a makina osokera pa bering'i, n'kuilumikiza ku batire ya njinga yamoto. Ikuzungulira, ikuwapemerera kumaso pa benchi yawo. Akuti ikadzafa ina ndiwauze, abwereketsa, koma tidzayambe tazimitsa.