Ndalipira Kale, Ichoke ndi Mvulayo

Munthu wakumudzi akaona kuti kumwamba kwada bii, nyerere zayamba kusamutsa mazira, kamphepo kakununkha dothi lonyowa, sadikira kuuzidwa. Amaanula ufa pamphasa, mbuzi n'kulowetsa m'khola, ana onse m'nyumba. Ife a m'tauni kumwamba tinasiya kalekale kuyang'anako. Mitambo timaionera pafoni, ndipo foniyo ikati kubwera mvula yamabingu timaiyankha kuti, "Aaa, amanama awa." Akuluakulu a kunthambi yoona zanyengo amayesetsa ndithu kuchenjeza za mkuntho ndi ziphaliwali dzinja likafika, koma chenjezo limamveka kwa munthu amene sanagule tikiti. Wogula kale tikiti ya shoo alibe makutu.

Shoo yake inali ya rock, pabwalo lina lapamtetete muno mu Lilongwe, Loweruka lina m'mwezi wa Disembala. Amene anandikokera kumeneko ndi alamu anga, omwe anakhalako ku Mangalande zaka zingapo, ndipo chibwerereni nkhani iliyonse, ngakhale ya kukwera mtengo kwa tomato, amaiyamba ndi mawu akuti "kujaku ku UK". Tsikulo anavala jekete lachikopa lakuda, dzuwa likuswa mtengo. Pachikalata choitanira anthu analembapo kuti zinthu ziyamba 1 koloko masana. Odziwa tauni tinafika cha m'ma 4, n'kupeza mnyamata wa zokuzira mawu akadali pa "wanu-thu, wanu-thu", akugogoda maikolofoni ndi chala.

Bwalo analigawa monga mwa mwambo. Kutsogolo kunali tenti yoyera ya ma VIP a K50,000, mipando yapulasitiki atayiveka nsalu ndi maliboni, aliyense kachingwe kagolide pamkono. Kumbuyo kwa chingwe kunali ife a K10,000, choimirira pafumbi. Gulu lachitatu silinalembedwe pachikalata paja: anyamata a kabaza, a m'magaladeni ndi ogulitsa madzi, amene anadzaza mumtengo wa mango kunja kwa mpanda n'kumaonera ulere, bwinonso kuposa tonsefe.

Pafupi ndi ine panaima madala ena a imvi zawo, malaya atapisira m'buluku, ambulera yaikulu yakuda ili m'khwapa. Pabwalo lonse ndi iwo okha amene anabwera ndi ambulera, ndipo atsikana ena ankawaseka chobisa. Anandiuza kuti anagwirako ntchito kumigodi ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970, masiku amene Zambia inkagwedezeka ndi magitala a WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, nyimbo zimene lero amazitcha Zamrock. "Kuno kwathu zimenezi sizikanamera, mwana wanga," anatero. "Nthawi ya Ngwazi, mzungu wa tsitsi lofika m'mapewa ankamumeta pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Ndiye rock yake iti ya munthu wometa bwinobwino, wovala tayi?" Sananame. Zinali zaka zomwezija za lamulo la mu 1973 loletsa amayi mabuluku ndi masiketi aafupi, lomwe linadzachoka pobwera matipate. Choncho anyamata amene anakwera papulatifomu tsikulo, tsitsi lili yakayaka, anali kubwezera agogo awo zimene anamanidwa.

Atangoyamba nyimbo yachiwiri, mphepo inatembenuka. Fumbi, mapepala ndi majumbo zinayamba kuzungulira m'mwamba, nsalu yaikulu ya kampani yothandiza shooyo n'kuthothoka mbali imodzi n'kumamenya woyimba ng'oma kumsana. Ndinacheukira kumtengo wa mango uja: munatsala masamba okha. Anyamata aja anali atatsika kale mwakachetechete, aliyense panjinga yake, ulendo. Sanalipire kanthu, ndiye analibe choti n'kuferapo.

MC anathamangira pamaikolofoni. "Lilongwe muli bho? Musaope, kamvula aka n'kodutsa, kakupita ku Dowa aka! Ndi madalitso amenewa!" Ndipo poti mwambo ndi mwambo, anaimitsa oyimba kuti tilandire mawu kuchokera kwa mlendo wolemekezeka. Bamboyo anayamba kulonjera mmodzimmodzi, mwini shoo, akuluakulu a kampani, apolisi, atolankhani, amayi ndi abambo nonse malinga ndi maudindo anu. Akutsegula tsamba lachiwiri, mphepo inalanda mapepala onse m'manja mwake n'kupita nawo cha ku Kawale. Anaima kaye kukamwa yasa, kenako anati, "Ndi mawu ochepawa, zikomo." Chibadwire ndinali ndisanaonepo mlendo wolemekezeka akuomberedwa m'manja mochokera pansi pa mtima chonchija.

Kumbuyo kwathu mayi wina, yemwe tsitsi lake linkaoneka kuti lachoka kusaluni m'mawa womwewo, anakweza dzanja n'kuyamba kudzudzula mtambo m'dzina la Yesu kuti ubwerere kumene wachokera. Ndinaganiza za alimi a ku Mitundu ndi ku Nsaru amene anali atabzala kale, feteleza wodula uja atathira, nawonso atagwada kupempha mtambo womwewo. Madandaulo awiri otere akafika kumwamba nthawi imodzi, la tsitsi limadikira. Kunang'anima, bingu linagunda mpaka pansi kunjenjemera, ndipo mvula inakhuthuka ya madontho akuluakulu, matalala ali momwemo.

Apa m'pamene sukulu yathu yonse inathera. Anthu a madigiri awo, ogwira ntchito ku Capital Hill, anakumbukira mwadzidzidzi zimene agogo awo ankanena, zoti mphenzi imatsata chofiira. Panali mnyamata wina atavala jezi ya Bullets. M'kanthawi kochepa anapezeka ali yekhayekha, anthu atamuzungulira chapatali. "Vula, ase! Utiphetsa!" Wa Manoma wina anakuwa kuti waona, timu imeneyo ngakhale kumwamba ili ndi mlandu. Mnyamatayo anavuladi jeziyo, koma m'kati anali atavala vesiti, yofiiranso. Ndiye othawa chofiirawo ankathawira kuti? Ena anakadziunjika pansi pa nsanja yazitsulo yonyamula masipika, chinthu chachitali kuposa zonse pabwalopo. Ena analumpha mpanda kukabisala pansi pa mtengo wa mango umene eni ake anauthawa.

Bambo wina wowonda, yemwe anati amaphunzitsa sayansi kusekondale ina ku Area 25, anayesa kutilangiza. Mphenzi, iye anati, siona mtundu wa malaya. Imakonda chinthu chachitali chimene chaima pachokha, kaya ndi mtengo, mlongoti, kapena munthu woima pamtetete, ndipo malo abwino obisalamo ndi m'nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo. Anatiphunzitsanso kawerengedwe kake: kukang'anima uziwerenga masekondi mpaka bingu limveke, ndipo masekondi atatu aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Anawerenga mokweza mpaka 9. Kutang'animanso anafika pa 6. Ulendo wotsatira anangoti "wanu", ndipo titacheuka tinangoona nsapato yake imodzi itatsalira m'matope. Palibe anamutsatira. Malangizo ochokera kumbali ya K10,000 sapita patali.

"Alamu, tiyeni tikadikirire m'galimoto," ndinatero.

"Alamu, ine ndalipira," anayankha, madzi akutsika m'khosi mwa jekete lija. "Ndipo izi n'zochepa. Kujaku ku UK, ku Glastonbury, anthu amavina matope ali m'mawondo. 2005 matenti anayandama, koma munthu sanachoke."

Za Glastonbury n'zoona. Chikondwererochi chimachitikira pafamu ya ng'ombe zamkaka ya Michael Eavis ku Somerset kuyambira mu 1970, ndipo mu Juni 2005 mvula yamabingu inamizadi matenti a anthu. Chimene alamu satchula n'choti iwo zonsezi ankaonera pa BBC, ali pantchito yausiku yosamalira nkhalamba ku Luton. Satchulanso za Pukkelpop ku Belgium, kumene mkuntho unapha anthu asanu mu 2011, kapena Rock am Ring ku Germany, kumene mphenzi inavulaza anthu oposa 70 mu 2016 mpaka akuluakulu analamula kuti tsiku lomaliza lisachitike. Kumeneko zikafika pamenepo amatseka. Ife timafunsa kaye ngati ndalama zibwezedwa, ndipo poti yankho timalidziwa kale, timaima pomwepo kuti tidye ndalama yathu mpaka tambala yomaliza. Ena anapitadi pageti kukafunsa. Anapeza tebulo lokha. Mnyamata wachikwama cha ndalama nayenso ankadziwa kuwerenga mitambo.

Kutenti ya ma VIP zinthu zinayamba mwaulemu. Eni ake ankationera ife tikunyowa, matambula ali m'manja, ena akutijambula. Chigulu cha a K10,000 chitathamangira kumeneko, baunsa wa chifuwa chake anatambasula manja. "Kachingwe, biggie! Wopanda kachingwe abwerere!" Madzi anali atafika kale mu akakolo, koma iye ankawalitsabe tochi ya foni pamikono ya anthu, mmodzimmodzi, mokhulupirika. Pamwamba pake denga la tenti linali likutupa pang'onopang'ono ngati mimba ya mbuzi yomwe yaba madeya. Bwana wina, wozolowera kuti vuto lililonse limatha iye akangoliloza ndi chala, anatenga mpini wa tsache n'kukankha chotupacho kuti madzi atsikire kumbali. Madzi anasankha mbali ya madamu. Wigi lomwe linakwera ndege kuchokera ku Johannesburg linatsetsereka, n'kuyandama kulowera kumene kunali makireti a zakumwa, ndipo mwana wina woleredwa bwino analitola, n'kulikweza m'mwamba ndi manja awiri. "Tsitsi ili ndi la ndani?" Palibe anayankha, koma amayi atatu anagwira kumutu nthawi imodzi.

Posakhalitsa mphepo inazula zikhomo, tenti n'kunyamuka kukagwera pampanda. Mipando ija, maliboni ali pomwepo, inasanduka zipewa, ndipo kachingwe kagolide kanasiya kugwira ntchito. Komabe muno m'tauni muli lamulo lina losalembedwa: bwana sathamanga. Bwana wa tsache uja anayenda pang'onopang'ono pakati pa matalala, suti itamatirira pamimba, akukalipira dalaivala pafoni yomwe inali itazima kalekale. Dalaivalayo anali m'galimoto, wouma bwinobwino, akumvera wailesi. Malinga ndi mphunzitsi wa nsapato imodzi uja, ameneyo ndiye anali munthu wotetezeka kuposa tonse.

Amalonda okha ndi amene sanasokonezeke mutu. Mnyamata yemwe madzulo onse ankagulitsa maswiti ndi ndudu anapezeka akugulitsa majumbo, opyapyala aja boma linaletsa mu 2015, mtengo utakwera katatu. Kagawidwe kake m'banja n'kodziwika: jumbo loyamba la foni, lachiwiri la tsitsi, mwana afunde chitenje. Wachiwaya anavundikira mafuta ake, n'kumalola anthu kuima pansi pa kalata kake pokhapokha atagula tchipisi.

Papulatifomu woyimba wamkulu analimbikira ndithu, mpaka maikolofoni inamumenya shoko pamlomo, n'kutulutsa mawu amene ambiri tinaganiza kuti ndi mbali ya nyimboyo. Magetsi anathima. Jenereta inatsokomola kawiri n'kugona. Gitala yamagetsi ikasowa magetsi limatsala ndi thabwa, choncho anyamata a tsitsi aja anakulunga zida zawo m'mapepala akuda n'kutsika. Anatsala woyimba ng'oma yekha, poti ng'oma sizidya mayunitsi. Anayamba ndi rock yomwe ija, koma popeza panalibenso womuyang'anira, manja anabwerera kwawo okha, ndipo tinangomva kayamba kumveka ka manganje.

Bwalo lonse linadzuka. Madamu wa wigi anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa pakati. Baunsa ankadula chiuno mpando uli kumutu. Madala a ku Kitwe ankavina ambulera ili m'mwamba, atsikana omwe ankawaseka aja atapanikizana pansi pake n'kumawatchula kuti adadi. "Walira mvula walira matope!" anakuwa madalawo, akupondaponda chithaphwi. Alamu anga, amene amati nyimbo zakuno n'zachimidzi, anapezeka kuti masitepe onse akuwadziwa, mpaka kugwetsa phewa. Chinali chibwana chenicheni, poti mabingu anali akugundabe pamutu pathu, ndipo kuti tonse tinatuluka amoyo si chifukwa cha nzeru za wina aliyense wa ife. Koma pa shoo yonse ija, gawo limeneli lokha ndi limene anthu anavina.

Mvula inakata cha m'ma 9. Poimika magalimoto panali patasanduka dambo, matayala akungozungulira pamodzimodzi n'kumamwaza matope pa anthu oyenda pansi. Ndipo kuchokera mumdima munatulukira anyamata a mumtengo aja, ouma, atadya kale nsima, ena atavala majombo.

"Tikankhe, bwana?"

Bwana wa tsache anafunsa ngati akumudziwa kuti iye ndi ndani. Anamuuza kuti akumudziwa, n'chifukwa chake kwa iye ndi K5,000. Analipira. Atafika pakagalimoto ka alamu, mkulu wa anyamatawo anakayang'ana, n'kutidulirako mtengo mwachifundo.

"Ndikutumizirani pa Mpamba, achimwene," anatero alamu, akupisa m'thumba.

"Foni yanuyo ikudontha madzi, bwana."

"Kujaku ku UK zinthu ngati izi pamakhala a inshuwalansi, amabwera okha ndi..."

"Aitaneni, bwana, ife tiyambe takankha enawo."

Alamu anayang'ana ine. M'thumba mwanga munali tikiti yokha, nayonso itasanduka phala. Mnyamatayo anagwira mkono wa jekete lachikopa lija, n'kulitembenuza kuti aone m'kati.

"Ili lingakhale chikole. Mukapeza ndalama mudzatifunse pa siteji ya kabaza. Koma mudzabwere m'mawa, bwana, mawa masana kugwanso ina."