Ndinalemera masiku atatu

Mwezi wathawu, ndikutunga madzi pachitsime cha kudimba, ndinaona timafuta tonyezimira ngati utawaleza tikuyandama. Ndowa ndinaisiya pomwepo, liwiro kunyumba kukauza mayi a ana kuti geni ya zitumbuwa aiiwale. Madzulo ndinatenga nkhuku ziwiri pangongole, ndipo pabwalo la bawo moni ndinkangoyankha ndi mutu. Anzathu a ku Mozambique anapeza gasi pansi pa nyanja ku Rovuma mu 2010, ndiye ine ndinalakwira yani?

Tsiku lachitatu kunabwera mwana wa mlongo wanga, yemwe anaphunzira za miyala kuyunivesite. Ndinamuuza kuti andiyezere dziwe langa la mafuta lapansi.

"Malume, pansi kulibe dziwe," anatero. "Mafuta amabisala m'timipata ta mwala, monga madzi m'njerwa yonyowa."

Akuti akatswiri amayamba n'kutumiza phokoso pansi, n'kumvetsera mmene likubwerera. Akaboola dzenje, mwina la makilomita angapo, amatsitsamo chipangizo pachingwe, ndipo pochikoka chimajambula mizere yotchedwa well log. Luso limeneli anayambitsa ndi abale awiri, Conrad ndi Marcel Schlumberger, ku Pechelbronn m'dziko la France mu 1927. Mzere wa gamma ray umaulula mtundu wa mwala, pakuti wadongo umatulutsa cheza chambiri kuposa wamchenga. Wina umayeza magetsi: madzi amchere amawadutsitsa mosavuta, pamene mafuta ndi gasi amawakaniza.

Pofuna kumuonetsa kuti nanenso ndinapondako kusukulu, ndinamangirira tochi kuchingwe cha mbuzi n'kuitsitsira m'chitsime. Mfundo inamasuka. Chipangizo changa chili komweko mpaka lero, chikupitiriza kafukufuku.

Mnyamatayo anaugwira mtima, sanaseke. Anati mwala wabwino umafuna zitatu: timipata tambiri, timipatato tikhale tolumikizana kuti mafuta aziyenda, ndiponso pamwamba pakhale mwala wina wotseka kuti asathawe. Kenako anatola kamtengo n'kugwaza utawaleza wanga. Unasweka tizidutswatizidutswa, osabwererana.

"Akanakhala mafuta akanalumikizananso. Ili ndi dzimbiri, malume, la chitsulo cha m'dothi."

Ndinakhala pansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ine ndinali nditadya kale nkhuku za fodya wa kumphepo.

Titafika kunyumba, mayi a ana anamvetsera zitatu zija mwachidwi, kenako anandiyang'ana thalauza.

"Ndiye mwala wabwinowo ndi thumba lanu, bambo. Timipata tilimo, ndipo ntolumikizana bwino. Chikusowa n'chotsekera chokha."

Pano m'mawa uliwonse ndimanyamula beseni la zitumbuwa kupita nalo kumsika. Mafuta ndawapeza ndithu, ali m'manja mpaka m'zigongono.