Mlendo Sapatsidwa Bonongwe

Pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, matemba amatsika m'ngalawa dzuwa lisanakwere, koma m'mbale ya msodzi safikamo. Mavenda a ku Zomba ndi ku Limbe amakhala atatchera kale mabeseni. Msodzi akangolandira zake, ulendo wa pa chiwaya.

"Aise, chipisi chambiri, mchere usaumire!"

Mafuta a m'chiwayamo ndi akuda bii. Ena amalumbira kuti analipo pomwe nyanja ya Chilwa inkaphwa mu 2018, koma akuluakulu amatsutsa, amati ndi a mu 1995.

Musamuseke msanga msodziyu. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kuti tsiku lililonse tizidya magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mawu abwino zedi. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dzira limagulidwa pokhapokha ngati wina wadwala. Mayi wa ana anayi amadziwa masamu ake: ndalama yosakwana dzira limodzi imagula paketi ya majigisi, mwana n'kukhala chete mpaka madzulo, milomo ili psuu. Mpunga wa ku Likangala ndi ku Domasi nawo ndi wa fizi, sopo ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Umalawidwa pa Khirisimasi.

Komatu si zonse zili za umphawi. Bonongwe, chisoso ndi therere zimangomera zokha kuseri kwa nyumba, popanda wolipiritsa. Tayesani kuphikira mlendo wochokera ku tauni, muone. Mawa mudzi wonse udziwa kuti kwa aujeni zinthu zavuta. Ndiye mayi amagulitsa nkhuku, n'kugula Fanta, buledi ndi soya pisi, kuti mlamu wawo wa ku Blantyre aone kuti kunonso anthu ndi otsogola.

"Alamu, mwanenepatu! Ntchito ikuyenda eti?"

"Pang'onopang'ono, alamu," akuyankha mwamanyazi, akusisita mimba. Sanena kuti adokotala anawapeza ndi shuga ndi BP, n'kuwalamula nsima ya mgaiwa ndi masamba. Bonongwe yemwe pano akudyedwa ndi mbuzi, iwo amamugula pa mtengo ku msika wa Limbe. Diso lili pa nkhwani za m'dimba, koma kupempha n'kudzitsitsa. Amamwa Fanta uja mwaulemu, n'kulandiranso wachiwiri, poti kukana n'kunyoza eni khomo.

Msonkhano wa kadyedwe kabwino ukamachitika pansi pa mtengo wa mango, anthu amabwera ambiri. Alangizi amapachika chithunzi cha mbale yodzaza: nsomba, papaya, mtedza, kapu ya mkaka.

"Pali funso, amayi?"

Agogo ena akukweza mkono. "Achimwene, mbale imeneyo mugawa liti?"

Alangizi akuseka, akuyang'ana wotchi, akukodola mnyamata wa kabaza. Pakaliyala pali makireti awiri a zoziziritsa kukhosi ndi thumba la mabanzi. Amfumu ayambe kutenga.