Usiku umene ndinakhomera mwana wanga m'chipinda

Mwana wanga wachisamba anali ndi zaka 6 pamene nthaka ya Karonga inayamba kugwedezeka pa 6 Disembala 2009. Ine kwathu ndi ku Dowa. Ku Karonga ndinapitira mpunga wa Kilombero, umene ndinkapikula kwa alimi a ku Kaporo ndi ku Hara, ndipo ndinakwatira komweko.

Masabata amenewo anthu tinkagona panja, pansi pa mitengo ya mango, mvula ndi udzudzu zili pomwepo. Chivomerezi chachikulu chija, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Nyumba zambiri za njerwa zinagwa, koma yathu inangong'aluka pakona. Chaka chitatembenuka ndinalamula kuti tibwerere m'nyumba, poti malungo ndinkawaopa kuposa khoma.

Mwanayo anakana, ndipo anakana moipa. Tsiku limenelo apongozi anga anali atabwera kudzatizonda. Nditangonena kuti kwada, tiyeni tikagone, iye anakankha mbale ya mbalagha, nthochi ndi msuzi mbwee pansi, nakuwa kuti, "Sindifuna! Ndisiyeni! Ndinu oipa!"

Manyazi anandigwira. Kwathu mwana sayankha wamkulu ali chiimire, nanji kumukuwira pamaso pa apongozi. Ndinamunyamula akuphiriphitha, kumuika kuchipinda, n'kukhoma chitseko. "Utuluka ukaphunzira ulemu," ndinatero.

Sipanapite nthawi, malata analira, makapu anagundana m'kabati. Kanali kachivomerezi kakang'ono, ka timasekondi chabe. Ndinathamangira kuchitseko, koma kiyi osampeza. Ndinali nditamuika m'thumba la malaya amene ndinavula chifukwa cha kutentha kwa kunyanja kuja, ndipo mumdimawo malayawo sindinawaonenso. Mayi ake akulira kumbuyo kwanga, ndinatenga munsi n'kuswa chitseko. Mwanayo ndinamupeza pansi pa bedi, kabudula atanyowa, maso ali tong'o. Sankalira. Masiku atatu sanatulutse liwu.

Apongozi sanandikalipire. Tsiku lachitatu anakhala naye pamphasa akusenda nthochi zaziwisi, manja ali bii ndi utomoni. Ine ndinali pakhonde, ndikumva.

"Mdzukulu wanga, chija chikabwera chimakugwira pati?"

Mwanayo analoza pachifuwa.

"Amenewo ndi mantha. Nanenso agogo ako amandigwira pomwepo. Tanena kuti, ndikuopa."

Ananong'ona. Kenako apongoziwo, maso ali pa nthochi zawo, anati kwa ine, "Bambo, mwanayu sanakutukwaneni. Anasowa dzina la chimene chinkamudya."

Mawu amenewo amandiwawabe. Mwanayu ndinamuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kunena zikomo. Koma mawu onenera mantha kapena mkwiyo sindinamupatseko ngakhale limodzi, chifukwa nane sindinapatsidwe. Ife amuna tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Nanga chikamutsina mumtima atani, ngati kulira n'koletsedwa ndipo kunena sakudziwa? Ndiponso amene anakuwa kwambiri usiku uja ndinali ine.

Madzulo ake ndinanjuta kuti maso athu alingane. "Mwana wanga, ndinalakwa kukukhomera. Ndinakwiya, ndinachitanso manyazi. Nanenso chivomerezi ndimachiopa." Tinapangana kuti mbale sitiponya, ndipo munthu sitimuuza kuti ndi woipa, koma akhoza kundiuza kuti, "Adada, ndakwiya," kapena, "Adada, ndikuopa," ine n'kumumvetsera mpaka amalize. Zinativuta tonse awiri. Kangapo konse ndinamudula pakamwa, mayi ake n'kundigwira pamkono.

Patapita sabata ngati ziwiri, kunja kukuchita mabingu, anabwera pamene ndinkasoka thumba la mpunga, nagwada.

"Adada, ndikuopa. Mtima ukugunda. Ndingagone pafupi ndi khomo?"

Ndinasiya singano. Tinakoka matiresi kupita nawo pabalaza, ndinamanga neti pa misomali iwiri, chitseko chakunja ndinangochitsekera ndi mpando, ndipo ndinagona pambali pake.