Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya, Ngakhale Utakhala wa Mainchi 17

Makolo amene anatisiyira mwambi woti mutu ukakula sulewa nkhonya ankanena za mafumu, eni mbumba ndi ana achisamba. Ukakhala wamkulu pamudzi, mlandu uliwonse umadziwa njira ya kunyumba kwako. Mbuzi ya mphwako ikadya chimanga cha eni, amadzakhala pakhonde pako. Mwana wa mlongo wako akachimwitsa mtsikana kutsidya, a kuchikazi amagogoda chitseko chako tambala asanalire. Iwe sunadye chimanga, sunachimwitse munthu, koma mutu wako ndiwo ukuonekera patali. Chimene makolowo sanalote n'chakuti kudzabwera mutu wina waukulu, wopindika pakati, wodya magetsi, umene ena a ife kuno ku Chiradzulu tausenza: laputopu ya sikirini yaikulu.

Kwa amene sanaionepo, sikirini amaiyeza mopingasa, kuchokera pangodya yapansi kukafika pangodya yapamwamba ya mbali inayo. Malaputopu ambiri amene mumawaona m'maofesi a paboma ndi a mainchi 14 kapena 15.6. Yaikuluyi ndi ya mainchi 17.3, pafupifupi masentimita 44. Papepala kusiyanaku n'kochepa, mainchi awiri osakwana n'komwe. Koma msana suwerenga pepala. Ukaphatikiza ndi tchaja chake, chimene pachokha ungagendere galu, wasenza makilogalamu atatu kapena kuposa.

Nanga imafika bwanji m'mudzi? Nthawi zambiri imachokera ku Joni. Mbale wako amaimba foni ali m'sitolo ya katundu wogwirapo kale ntchito ku Johannesburg, n'kufunsa kuti, "Achimwene, pali yaing'ono ndi yaikulu, mtengo ndi umodzi. Nditenge iti?" Ndiuzeni, ndi Mmalawi uti amene angayankhe kuti yaing'ono? Pamsika wa Mbulumbuzi timatembenuza kabichi khumi kuti tipeze wamkulu pamtengo womwewo. Ndiye tikagonje pa kompyuta? Yanga inabwera motero, pabasi, itakulungidwa m'bulangete, ndipo tsiku lomwe inafika ndinasiya kukhala munthu wamba.

Chikwama chake n'chosowa. Zikwama za malaputopu zimene zadzaza mu Limbe anazisokera ya mainchi 15.6. Wogulitsa amakutsimikizira kuti, "Ilowa iyi, bigi, ingofunika kukankha," ndipo imalowadi, koma ngodya imodzi imatsala kunja ikuona dziko. Ambiri timathera pa chitenje cha mayi a kunyumba. Ukakwera minibasi ya kuboma utafukata mtolo wafulatiwo, kondakitala amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Madala, TV-yo tiike kumbuyo." Kumbuyoko kuli matumba a fetereza, dengu la usipa ndi tayala lapadera. Ukakana, amati ilipire mpando. Ukaiika pamiyendo, imafika pa bondo la mnzako wa kumanja ndi la mnzako wa kumanzere, ndipo onse awiri amayamba kudziona ngati ali ndi gawo pa katunduyo. Za kabaza ndisanene zambiri. Munthu uli ndi manja awiri okha: limodzi ligwire njinga, linalo ligwire chuma, ndipo mvula ikayamba panjira ya ku Namitambo umavula jekete n'kufunditsa makina, iwe n'kumavumbwa.

Koma izi ndi nkhonya zazing'ono, zamasewera. Zenizeni zimachokera kwa anthu.

Wophunzira wa pa Catholic University ku Nguludi, sukulu imene inatsegulidwa mu 2006, amatha kulowetsa kalaputopu kake kopyapyala pakati pa mabuku n'kudutsa pamsika osadziwika. Akafika kwawo patchuthi n'kufunsidwa, akhoza kunena kuti anakasiya kusukulu. Mwini laputopu yaikulu alibe bodza lotere. Akaitsegula m'nyumba usiku, kuwala kwake kumatulukira pawindo. Pomafika m'mawa, mudzi wonse wadziwa kuti pakhomo paja pali ofesi.

Woyamba kubwera ndi mwana wa alamu ako, amene akufuna CV yokafunsira ntchito ku Limbe. Alibe pepala lililonse m'manja, akuti zonse zili m'mutu. Akamachoka, akubwera mlembi wa mpingo ndi malipoti a chaka chonse olembedwa m'kope lonyowapo ndi mvula. Kenako a komiti ya ukwati akufuna makadi okhala ndi nkhunda ziwiri ndi maluwa. Pamaliro ndiye palibe kukambirana: anthu amabwera usiku ndi chithunzi cha malemu chojambulidwa paukwati wa wina, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, muwachotse awa ali pambaliwa, pulogalamu ikufunika mawa m'ma 8." Amene wayesapo kukana ntchito ya maliro m'mudzi andiuze kumene anasamukira. Amfumu nawonso satuma mwana, amabwera okha ndi ndodo yawo. "Mwana wanga, maina a fetereza aja awafuna otayipa." Maina ndi mazana angapo, ena alembedwa kawiri, ena ndi a anthu amene tinawaperekeza kumanda kalekale, ndipo tsiku limene mndandanda udzatuluke wina atasowapo, sadzapita kwa amfumu. Adzabwera kwa amene anatayipa.

Zotsatira za MSCE zikatuluka, khonde limadzaza makolo ndi ana. Aliyense ali ndi foni, koma akuti pa foni zilembo zimachepa, mwina mwana angaoneke ngati walephera pamene wakhoza. Bandulo ndi yako. Amene mwana wawo wakhoza amathokoza Mulungu. Amene mwana wawo walakwa amachoka akung'ung'udza kuti makinawa sanafufuze bwino.

Amayi a banki mkhonde ndiwo anandiphunzitsa kuti sikirini yaikulu ndi yoopsa. Laputopu zazikuluzi zimakhala ndi mabatani a manambala pambali, ofanana ndi a kakyuleta, choncho kulemba masamu kumathamanga. Ndinawakonzera tebulo labwino la masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja. Pa kalaputopu kakang'ono mukanaoneka mizere yochepa, msungichuma akanaona yekha n'kusunga pamtima. Pa mainchi 17 zonse zinaonekera kamodzi, ndipo mayi amene anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola la nkhuku, anawerenga bwinobwino kuti mkazi wa abusa sanabweze miyezi ingapo. Msonkhano umene unayamba ndi pemphero unatha popanda pemphero. Mlandu unagwera ine, poti ndine ndinakulitsa zilembo.

Chinsinsi pa chinthuchi palibe. Ukatsegula Facebook, apongozi ali pampando wa kuseri akuona amene wamuikira kamtima. Ukatsegula WhatsApp, mwana wa sitandade 4 amene akudutsa ndi ndowa amawerenga mokweza, pofuna kuonetsa kuti sukulu ikumuyendera.

Madzulo ofesi imasanduka nyumba ya kanema. Ana amayamba kusonkhana dzuwa lisanalowe, atasamba popanda wowauza, chinthu chimene makolo awo akhala akuchilephera zaka zonsezi. Amafuna mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa aja, amene womasulirayo amalankhula kuposa osewera. Anganga, amene amaitcha lichero la azungu, amakonda a ku Nigeria, ndipo amalangiza osewera mokweza kuti asadye chakudya cha mkazi wachiwiri. Bullets ikamasewera ndi Wanderers, kapena usiku wa mpira wa ku England, kumabwera amuna amene sunayankhulanepo nawo chibadwire. M'mbali mwa makinawa muli timabowo ta USB, ndipo aliyense wobwera amasolola foni m'thumba mwakachetechete n'kuilumikiza. Iwe ukuona batire likutsika, iwo akuona mpira.

Batire ndiye nkhani ina. Pa ziwalo zonse za laputopu, sikirini ili m'gulu la zimene zimadya moto kwambiri, ndipo ikakula, njala yake imakulanso. Tonse tikukumbuka Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankabwera mongocheza. M'masiku amenewo eni timalaputopu tating'ono ankagwira ntchito mpaka masana, pamene ife a mitu yaikulu tinkatseka ofesi tiyi asanazizire. Kasola ka padenga kamene kamatchaja mafoni a banja lonse kakamva laputopu yaikulu kamangolira n'kuzima. Ukapita nayo kwa ometa tsitsi pamalo ochitira malonda, mnyamata amayang'ana tchaja chija n'kupukusa mutu. "Ankolo, iyi si foni. Iyi mulipira ngati mafoni asanu."

Ife a ku Chiradzulu mwambiwu sitiuphunzira m'buku. Kuno n'kumene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, namanga sukulu ndi tchalitchi, ndipo anthu ozunzika ndi thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero ankadziwa khomo loti akadandaule. Mu Januwale 1915 sanalewe nkhonya. Sindikuyerekeza makina anga ndi mbusa ameneyu, ndingachimwe. Ndikungoti nkhope yake, imene ili pa K2,000, imatuluka m'thumba mwanga kawirikawiri chifukwa cha laputopuyi. Munthu amene ali ndi kompyuta yaikulu chotere sangakhale wosauka, amatero anthu. Pa pepa sande amakuika pampando wakutsogolo ngati mlendo wolemekezeka. Pamaliro, wolengeza chipepeso akafika pa dzina lako amayamba wakhosomola kuti anthu akhale chete. Ukapereka K500, imene ilinso ndi nkhope ya Chilembwe yemweyo, umamva kumbuyo wina akunong'ona kuti, "Ndi chikompyuta chonse chija?"

Laputopuyi ikadwala ndiye umadziwa kuti unakwera mtengo wautali. M'mwezi wa Okutobala fumbi limalowa m'kati, fani n'kumalira mpaka oyandikana nawo kufunsa ngati wagula chigayo. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwake, zimamangamo mudzi. Kutentha kumeneku kumathandiza mu Juni mokha, chiperoni chikaphimba phiri la Chiradzulu, pamene ukaiika pamiyendo sufunanso mbaula. Koma tsoka lalikulu ndi sikirini kusweka, ndipo yaikulu imasweka msanga poti imapindika ikapanikizika m'minibasi. Wokonza makompyuta wina mu Limbe anandionetsa mulu wa masikirini a 15.6 ochotsedwa m'malaputopu akufa, otsika mtengo, oika pompopompo. "Koma yanuyi, bwana, mpaka tiitanitse ku Joni kapena ku Dubai." Kuitanitsa kumatanthauza madola, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chinthu choitanitsa umafunsidwa m'mawa, n'kufunsidwanso madzulo. Masabata amene yanga inagonekedwa ku Limbe, anthu ankandipepesa panjira ngati ndili ndi matenda m'nyumba. Palibe amene anasonkhako kanthu. Ankangofunsa kuti ituluka liti.

Wina anganene kuti, gulitsani tsono. Apa ndipo pamene ndimasiyana ndi anzanga a timalaputopu ta m'khwapa. Maso a munthu amene wadutsa zaka 40 sakondanso tizilembo. Mphunzitsi amene akulowetsa malikisi a ana 90 amafuna kuona dzina la mwana ndi malikisi ake pamzere umodzi, osati kumangosuntha uku ndi uku mpaka kupatsa mwana wa eni malikisi a mnzake. Pa sikirini yaikulu umatsegula makalata awiri pambalipambali, kwinaku ukuwerenga, kwinaku ukulemba. Ndipo Lamlungu madzulo, mphwanga wa ku Joni uja akaimba pa vidiyo, banja lonse limamuona kamodzi popanda kulimbirana foni. Anganga amayandikira, n'kumuyang'anitsitsa, n'kugamula kuti waonda, sakudya bwino. Pa kafoni sakanaona zimenezo, ndipo mnyamatayo akanapitiriza kutinamiza kuti zonse zili bwino.

Chigamulo changa n'chakuti laputopu ya mainchi 17 ndi yabwino kwa munthu amene ali ndi tebulo, magetsi odalirika ndi mtima wa nyakwawa. Ngati ntchito yanu ndi yoyenda pakabaza kuchoka ku Thumbwe kupita ku Milepa, mbale wanu akadzaimba kuchokera ku Joni mudzalimbe mtima, mudzayankhe kuti yaing'ono. Adzakusekani tsiku limodzi lokha.

Kwa inu abale anga amene mwazolowera khomo langa, sindikukuthamangitsani. Bwerani ndithu, koma muzibwera ndi bandulo yanu. Fulashi imene yazungulira m'mashopu onse okopera nyimbo muziisiya kunyumba, chifukwa mavairasi ake andikwana. Mukadya nsima ya usipa muzisamba m'manja ndi sopo musanaloze pa sikirini, ndipo kuloza sikufuna kugunda. Amene muli ndi maliro, khomo ndi lotsegula usiku ndi usana. Amene muli ndi CV, muzibwera Loweruka, mutalemba kale papepala sukulu imene munaphunzira.